Lamulo Lalikulu Lidameza Laling'ono

Anzanga amene akonza magazini ino adandipempha kuti ndilembeko kanthu ka phunziro la kompyuta, popeza amandiona kawirikawiri m'chipinda cha makompyuta pamene ena ali ku mpira. Poyamba ndidafuna kukana, pakuti chinthu chimene ndichidziwa bwino koposa m'phunziroli ndidachiphunzira mwamanyazi, ndiponso amene adalipira mtengo wake sindine ayi. Koma nditaganiza kuti ambiri a ife tikadzatuluka pano tidzapatsidwa makalata a anthu ena kuti tiwasunge, ena m'maofesi, ena kumudzi, ndidavomera. Chotero ndikupemphani, owerenga, kuti mupirire nane pang'ono.

Kwathu ndi ku Nathenje, pa msewu wa M1 wochoka ku Lilongwe kupita ku Dedza. Atsibweni anga ndiwo mlembi wa kalabu ya alimi a mtedza ndi soya ya m'mudzi mwathu. Adawasankha chifukwa adziwa kulemba Chingerezi, ndiponso ali ndi laputopu yakale imene adagula kwa mnzao wochokera ku Joni. M'laputopumo muli pulogalamu yowerengera imelo yotchedwa Thunderbird, imene munthu aitenga kwaulere pa intaneti, ndipo idatuluka koyamba yokhwima m'chaka cha 2004. Akagula bandulo alumikiza foni yao ku laputopu, makalata onse n'kutsika nthawi imodzi ngati madzi a m'ngalande.

Vuto lao lidali kuchuluka kwa makalatawo. Adalipo a alangizi a zaulimi, a anthu ofuna kugula mbewu, a ogulitsa feteleza, a ku banki; koma ochuluka koposa adali a zinyalala, aja onena kuti mwapambana mphoto pa mpikisano umene simudalowe, kapena kuti munthu wina wolemera wafa kutsidya kwa nyanja ndipo chuma chake chikudikira inu. Pa tchuthi cha Pasaka cha 2024 atsibweni adandiitana nati, "Mphwanga, iwe uphunzira zimenezi kusukulu. Tandichotsera udzuwu m'munda muno, maso anga atopa." Ine ndidakondwa kwambiri, pakuti mnyamata aliyense afuna kuti akulu amuone ali ndi ntchito.

Tsono ndiyambe ndafotokoza chida chimene ndidagwiritsa ntchito, kuti amene sadachione amve. M'mapulogalamu a imelo muli chinthu chimene ife tingachitche sefa. Sefayo ndi mndandanda wa malamulo amene mwini makalata alemba yekha, ndipo kalata iliyonse ikafika pulogalamu iiyesa ndi malamulowo mwini wake asanaione. Lamulo lililonse lili ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi funso: kodi kalatayi yachokera kwa uje? kodi pamutu pake pali mawu akutiakuti? Mbali yachiwiri ndi chochita: ngati yankho ndi inde, isunthire m'foda yakutiyakuti, kapena iike chizindikiro, kapena itaye. Foda ndi ngati thumba la makalata lokhala ndi dzina lake. Palibe nzeru ina yobisika m'menemo. Kompyuta siwerenga kalata ndi kuimva monga ife. Ingoyang'ana ngati zilembo zifanana ndi zimene mwaiuza.

Masana awiri ndidalemba malamulo 24. Ndidayamba ndi ofunika koposa, monga munthu wanzeru achita. Loyamba lidali lakuti kalata yochokera kwa wogula wina wa mu mzinda wa Lilongwe, amene kalabu idagulitsako mtedza chaka chapitacho, ipite m'foda ya Ogula. Kenaka ndidalemba la alangizi, la banki, ndi ena otero. Potsiriza penipeni ndidalemba lamulo limene ndidanyadira nalo kwambiri: kalata iliyonse yokhala ndi mawu a Chingerezi akuti free, winner kapena offer pamutu pake ipite ku Trash, ndiko kudzala kwa pulogalamuyo. Tidayesa madzulo omwewo, ndipo zinyalala zonse zidasowa. Atsibweni adandigulira fanta pa sitolo, ine n'kubwerera kusukulu ndili ndi mtima wa ngwazi.

Lamulungu lina m'mwezi wa June adandiitana ku chipata kuti kwabwera mlendo. Ndidapeza atsibweni atakhala pansi pa mtengo, chikwama cha laputopu chili pamiyendo, fumbi lili mbuu m'nsapato. Adali atazungulira ku Bunda Turn-off pa minibasi kufikira ku Mitundu, ndipo potsiriza adakwera kabaza. Titapatsana moni adanena mawu ochepa. Wogula uja adatumiza kalata yakuti lole yake idzadutsa ku Nathenje tsiku lakutilakuti, ndipo kalabu iyankhe pasanathe masiku asanu ngati ifuna kugulitsa. Kalabu sidayankhe. Lole idadutsa, n'kukadzaza kwina. Pambuyo pake mnyamata wa wogulayo adakumana ndi wapampando wa kalabu pa msika, namfunsa chifukwa chake adanyoza kalata yao. Pamenepo n'kuti mamembala ambiri atatopa ndi kudikira, atagulitsa kale mtedza wao kwa mavenda a masikelo a m'mbali mwa msewu pa mtengo wotsika. Ndipo m'mudzi mudayamba kumveka manong'onong'o akuti mlembi adabisa kalatayo dala chifukwa adadya za mavenda.

"Ine kalatayo sindidaione, mphwanga," adatero atsibweni. "Koma ndani andikhulupirire?"

Mphunzitsi amene adali pa ntchito tsikulo adatilola theka la ola. Ndidatsegula foda ya Ogula, mulibe. Ndidatsegula Inbox, mulibe. Mtima utayamba kugunda ndidatsegula Trash, ndipo kalatayo idali momwemo, yosatsegulidwa, pakati pa mphoto zabodza, itagona masiku 12. Pamutu pake padali mawu akuti offer, pakuti m'Chingerezi cha malonda munthu wotchula mtengo umene afuna kugulira katundu alemba mawu omwewo. Mwayi wokha udali wakuti m'pulogalamuyo muli malo ouza kompyuta kuti izikhuthula Trash nthawi iliyonse poitseka, ndipo atsibweni sadachongepo. Akadachonga, umboni wao ukadapita.

Apa ndipo pali phata la nkhani yanga. Lamulo la Ogula lidali lolembedwa bwino, lopanda cholakwa ngakhale chilembo chimodzi. Nanga lidalekeranji kugwira kalatayo? Chifukwa kalatayo sidafike kwa ilo. Thunderbird iyesa malamulo motsatana, kuyambira pamwamba pa mndandanda kutsikira pansi, ndipo lamulo lina likasuntha kalata kapena kuitaya, malamulo a m'munsi mwake saionanso. Nditayang'ana mndandanda wanga ndidaona kuti lamulo la zinyalala lidali pamwamba penipeni, ndipo la Ogula lidali pansi penipeni. Nthawi iliyonse pamene ndinkadina New osasankha malo, lamulo latsopano linkakhala pamwamba pa anzake, ndi kukankhira akale pansi. Popeza ndidayamba ndi ofunika ndi kutsiriza ndi otaya, mndandanda wonse udali chadodolido. Mabatani osunthira malamulo ndidawaona ndithu pa tchuthi paja, koma ndidayesa kuti ndi a anthu okonda udongo chabe.

Amene mudasankhapo mtedza ndi agogo anu mudzamva msanga. Tinene kuti pa mphasa pali mulu wa Chalimbana woswa kale, ndipo agogo apereka malamulo awiri. Lina ndi lakuti mtedza wonse waukulu upite m'thumba logulitsa. Lina ndi lakuti mtedza waukulu, wosalala khungu, wopanda bala, upite m'chitini cha mbewu. Malamulo onsewa ndi abwino. Koma mwana wogwira thumba logulitsa akakhala patsogolo, wa chitini adzakhala manja lende tsiku lonse, pakuti mtedza wa mbewu nawonso ndi waukulu, ndipo udzalowa m'thumba usanafike kwa iye. Mvula ikadzagwa banjalo lidzapeza kuti lidagulitsa mbewu yake. N'chifukwa chake agogo ayamba apatula mbewu, otsalawo ndiwo agulitsa. Lamulo lofunsa zambiri ndi kugwira zochepa liyenera kuima patsogolo. Lamulo lofunsa pang'ono ndi kukokolola zambiri liime kumbuyo.

Tsono padatsala kukonza mndandandawo, ndipo batire ya laputopu yakale ija idali itayamba kale kudandaula. Ndidasankha lamulo la Ogula ndi kuyamba kudina batani lolembedwa Move Up, limene likweza lamulo sitepe imodzi yokha. Kuti lichoke pa malo a 24 kufika pa malo oyamba ndidadina ka 23. Lotsatira lidafuna ka 22, linzake ka 21. Mnzanga wina wa Fomu 4, amene masamu ali ngati chakudya chake, adali ataima kumbuyo kwanga kuonerera. Iye adawerengera pa chikhatho nati, "Aise, ukapitiriza chomwechi udina ka 276. Belu la chakudya likupeza usanafike pakati." Adanena zoona: mukaphatikiza 23 ndi 22 ndi 21, kutsika chotero kufikira 1, mupeza 276. Ndipo chiwerengerochi chikula moopsa malamulo akamachuluka. Munthu wa malamulo 40 amene ali chadodolido angadine ka 780.

Njira imene mnzangayo adandionetsa ndiyo ndifuna kuti muisunge, pakuti ndi yapafupi ndipo igwira ntchito pa mndandanda uliwonse, ngakhale wosokonekera chotani. M'Thunderbird, kuwonjezera pa Move Up ndi Move Down, muli mabatani ena awiri, Move to Top ndi Move to Bottom, oponya lamulo pamwamba penipeni kapena pansi penipeni ndi kudina kumodzi. Poyamba siyani kompyuta, tengani pepala, mulembe malamulo onse monga mufuna kuti atsatane. Mukatero yambani kuwerenga pepalalo kuchokera pansi. Sankhani lamulo lotsiriza, dinani Move to Top. Sankhani lachiwiri kuchokera pansi, dinani Move to Top. Pitirizani chomwecho kukwera pepalalo. Lamulo lililonse limene mwaponya pamwamba likankhira pansi amene mudaponya kale, kotero kuti pofika pa lamulo loyamba la pa pepala, onse aima m'malo ao. Ndiponso lotsiriza lija simufunika kulikhudza konse, pakuti anzake onse akalidumpha litsala pansi lokha. Malamulo 24 afuna kusuntha ka 23 basi. Chimene chidandiseketsa, ngakhale sidali nthawi yoseka, n'chakuti khalidwe lomwelo limene lidatembenuza mndandanda wanga, lakuti chobwera pambuyo chikhala pamwamba, ndilo lidaukonzanso.

Pa pepalalo tidakangana pang'ono za malo a malamulo ena, ndipo mkanganowo udandiphunzitsa kanthu kena. Atsibweni ali ndi lamulo loika nyenyezi pa kalata iliyonse yokhala ndi mawu akuti payment. Ine ndidafuna kuliika pansi, popeza ndi lamulo lotakata. Mnzanga adakana, ndipo adalondola. Lamulo longoika chizindikiro silichotsa kalata pa mzere. Kalata ilandira nyenyezi yake n'kupitirira kwa malamulo ena. Likakhala pansi, makalata a ogula ndi a banki adzakhala atasunthidwa kale, ndipo nyenyezi siidzafika pa makalata amene aifuna koposa. Chotero oika zizindikiro tidawaika pamwamba pa onse. Pambuyo pao padabwera malamulo a anthu amene kalabu iwadziwa ndi maina, kenaka a mabungwe, ndipo otakata oyang'ana mawu a pamutu adapita kumchira. Lamulo langa lonyaditsa lija ndidalichotsa mano: mawu akuti offer ndidawafufuta, ndipo m'malo motaya makalata tsopano liwaika m'foda imene tidaitcha Zokayikitsa, kuti atsibweni aziisuzumira Loweruka lililonse.

Tisanatseke tidachita zinthu ziwiri zimene ndikadachita pa Pasaka sibwenzi ndikulemba nkhani ino. Tidabweza kalata ya wogula ku Inbox, tidasankha malamulo onse ndi kudina Run Now, batani loyesera malamulo pa makalata amene alipo kale, ndipo tidaona ndi maso athu kalatayo ikulowa m'foda ya Ogula. Tidatsegulanso Filter Log, kabuku kamene pulogalamu ilembamo lamulo limene lagwira kalata iliyonse ndi kumene laipititsa. Kabukuka sikalemba kokha. Mwini ayenera kukauza kuti kayambe.

Musayese kuti mapulogalamu onse achita chimodzimodzi, pakuti pamenepa ambiri apunthwa. Mu Outlook, ya kampani ya Microsoft, imene mudzaipeza m'maofesi ambiri, malamulo atsatananso kuchokera pamwamba, ndipo pali timivi tokwezera ndi kutsitsira. Koma kumeneko pali bokosi lolembedwa Stop processing more rules, ndipo mukapanda kulichonga kalata ipitirira kwa malamulo a m'munsi ngakhale lapamwamba laigwira kale. Thunderbird nayo ili ndi chochita chofanana nacho, Stop Filter Execution, chothandiza pamene mufuna kuti kalata ikhale mu Inbox osakhudzidwa ndi lamulo lina lililonse. Gmail, imene Google idatsegula pa 1 April 2004 ndipo ndiyo ambiri a ife tili nayo, ili ndi khalidwe lina. Kumeneko mulibe mabatani osunthira malamulo, ndipo lamulo lililonse logwirizana ndi kalata lichita ntchito yake. Kotero simungateteze kalata ya wogula pongokweza lamulo lake. Muyenera kuchepetsa lamulo lotakatalo, polemba m'malo otchedwa Doesn't have mawu amene likawaona lileke kalatayo. Dziwaninso kuti malamulo a Gmail salembedwa m'pulogalamu yake ya pa foni, afuna tsamba lake la pa kompyuta, ndi kuti kalata ikakhala mu Trash ya Gmail masiku 30 ifufutika yokha.

Nkhani ya kutsatana kwa malamulo si yatsopano. Imelo yodutsa pakati pa makompyuta awiri idayamba mu 1971, pamene Ray Tomlinson wa ku America adasankha chizindikiro cha @ kuti chilekanitse dzina la munthu ndi dzina la makina. Makalata atachuluka, akatswiri adapanga chinenero chapadera cholembera malamulo osankhira makalata, nachitcha Sieve, ndiye kuti sefa m'Chingerezi. Malongosoledwe ake adasindikizidwa mu January 2001, nakonzedwanso mu 2008. M'chinenerocho malamulo alembedwa ngati mizere ya m'kope, kuwerengedwa kuchokera pamwamba, ndipo muli liwu lakuti stop louza makina kuti alekere pomwepo. Wofuna kusintha malo a lamulo angodula mizere yake ndi kuimata pena. Ngakhale Thunderbird isunga malamulo ake m'fayilo ya mawu wamba yotchedwa msgFilterRules.dat, ndipo munthu wodziwa angaitsegule, pulogalamu ili yotseka, ndi kusuntha malamulo momwemo. Ine sindidayese pa laputopu ya atsibweni. Ndidali nditawalakwira kokwanira chaka chimenecho, ndipo wofuna kuyesa ayambe wakopera fayiloyo pena.

Ndiloleni ndinene maganizo anga, ngakhale ndine mwana wa sukulu chabe. Ndiona ngati opanga mapulogalamuwa adasamala kwambiri za kulemba lamulo, koma za malo ake pa mzere adaziyesa zazing'ono. Polemba lamulo pulogalamu ikufunsani mafunso ambiri, koma siikuchenjezani kuti lamulo limene mwalembali laima kutsogolo kwa linzake ndipo lidzalilanda makalata. Pa mndandanda wa atsibweni malamulo alibe ngakhale manambala. Ndikadakhala ine wopanga, bwenzi lamulo lililonse lili ndi nambala yake, munthu n'kungolemba nambala ya malo amene afuna. Popeza sizili tero, tidadzipangira tokha: dzina la lamulo lililonse tidaliyamba ndi nambala, 10, 20, 30, kulumpha khumikhumi, kuti lamulo latsopano likabwera lipeze mpata pakati, monga 25. Manambalawo sasuntha kanthu, koma lamulo la 240 likapezeka pamwamba pa la 10, ngakhale munthu wa maso otopa aona kuti pali cholakwika.

Kwa ife a kuno nkhaniyi ili pafupi kuposa m'mene tiganizira. Phiri la Bunda tiliona tsiku ndi tsiku, ndipo patsinde pake pali koleji ya zaulimi imene kuyambira 2012 ili pansi pa LUANAR. Ena a ife tikhumba kukaphunzira kumeneko tikakhoza mayeso a MSCE, ndipo makalata a malo, a ngongole ya fizi ndi a ntchito masiku ano ayenda kwambiri pa imelo. Kalata yoitana munthu ku sukulu kapena ku ntchito m'Chingerezi kawirikawiri itchedwa offer letter. Lamulo langa lija likadaitaya nayonso.

Laputopu idazima tili pa chipata, ntchito itatha. Atsibweni adapinda pepala la malamulo lija naliika m'thumba la malaya. Ndidawapempha kuti pa msonkhano wa kalabu akanene poyera kuti wolakwa ndine, koma adapukusa mutu nati, "Ukanene wekha ukabwera." Chotero pa tchuthi cha August ndidaima pamaso pa amayi ndi abambo oposa makumi awiri pansi pa mtengo wa mango, laputopu ili pa mpando, ndi kufotokoza za mtedza wa mbewu ndi thumba logulitsa monga ndafotokozera inu. Ndidawaonetsa kalatayo ndi tsiku limene idafika. Ena adamva, ena adangoyang'ana pansi. Mayi wina wachikulire, amene adagulitsa matumba ake asanu ndi limodzi kwa mavenda, adandifunsa ngati makinawo angabweze ndalama zake, ndipo ndidayankha kuti iyayi, amayi, sangathe. Atsibweni adawasankhanso kukhala mlembi, koma kalabu idapangana kuti kuyambira mwezi wa May kufikira mbewu zitagulitsidwa, wapampando aziimbira foni ogula sabata iliyonse, kaya kalata yabwera kaya siidabwere. Pepala lija lidakali pa khoma la m'nyumba mwao, pafupi ndi kalendala, ndipo malamulo tsopano alipo 26.

Wophunzira wa Fomu 4